NBA League Pass mu July: kodi Summer League ndi yoyenera kuilipirira?

Ligi ya basketball ya NBA ikatha mu June, ambiri amasiya kulipira League Pass, njira ya NBA yoonera masewero pa intaneti, mpaka October. Koma pakati apa pali Summer League, mpikisano wa masiku pafupifupi 11 mu July ku Las Vegas, mu Thomas & Mack Center ndi kabwalo kakang'ono kogundizana nalo pa yunivesite ya UNLV. Unayamba mu 2004 ndi matimu 6, ndipo kuyambira 2018 matimu onse 30 amabweretsa anyamata awo: osankhidwa kumene pa draft (mwambo womwe matimu amasankhirapo osewera atsopano), a chaka chachiwiri, ndi ena ambirimbiri ofuna kontirakiti. Ife tikuti mwezi umenewu lipirani, bola ngati muzionera masewero athunthu. Ngati mukungofuna kudziwa amene wagoletsa zambiri, sungani ndalama zanu, manambalawo ali ulere pa NBA.com ndipo tizidutswa tili pa YouTube.

Chabwino kwambiri pa League Pass ndi chakuti masewero amasungidwa. Las Vegas ili m'mbuyo ndi maola 9 poyerekeza ndi Malawi ndi Zambia, choncho masewero oyamba 1 koloko masana kumeneko, kuno ndi 10 koloko usiku, ndipo akuluakulu a madzulo amagwera cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Palibe chifukwa chochezera. Yatsani pobisa zotsatira mu app, muonere m'mawa mwake musanatsegule Facebook. Kuonera zosungidwa n'kothandiza kuposa kuonera pompopompo, chifukwa mumatha kubweza sewero limodzi katatu mpaka muone amene wasiya munthu wake. Masewero amodzi amatenga pafupifupi maola awiri ndipo pa HD bandulo imatha msanga, nde ngati mulibe Wi-Fi tsitsani chithunzi kuchoka pa HD, koma musatsike mpaka manambala a pa jezi kusaoneka. Anyamata ambiri nkhope zawo simuzidziwa, nambala ndiyo yokuthandizani.

Chokhumudwitsa ndi kaulutsidwe. Zithunzi zimachokera ku ma TV aku America, ndipo iwo Summer League amaitenga ngati malo ochezera. Mpira uli mkati amaitana kochi kapena wosewera wotchuka kudzakhala ndi olengeza, chithunzi nkuchigawa pawiri, bwalo nkuchepa. Mnyamata amene mukumulondola amasewera mphindi zinayi popanda womutchula dzina. Masewero ofupikitsidwa nawo sathandiza pa ntchito imeneyi, poti amadula zimene munthu amachita alibe mpira, zomwe ndi zimene mukufuna kuona.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya momwe mungawerengere zimene mukuonazo. Malamulo ake ndi osiyana: makota ndi a mphindi 10 osati 12, ndipo kupatula kumapeto kwa mpikisano, wosewera amatuluka akafika mafaulo 10 osati 6. Mnyamata wamtali amene watchinga mipira inayi koma ali ndi mafaulo 7, mu NBA yeniyeni akanakhala atatuluka kalekale. Yang'anani mafaulowo musanamuyamikire.

Matimu amasonkhanitsidwa mwachangu, amakonzekera masiku ochepa chabe, ndipo amatsogoleredwa ndi othandizira kochi. Theka la anyamatawo akusewera kuti aonedwe ndi matimu a G League (ligi yaing'ono ya NBA) kapena a ku Ulaya, motero guard, woyendetsa mpira, akagwira mpirawo amaganiza zoponya yekha. Ovutika ndi osewera aatali odalira kupatsidwa mpira pansi pa ring, ndi oponyera patali amene amafuna wowapatsira pa nthawi yake. Wotere atha kuoneka wopanda ntchito ku Las Vegas nkudzachita bwino akakhala ndi guard wodziwa pick-and-roll, sewero lomwe mnzake amamutchingira womulondera kenaka nkuthamangira ku ring kuti apatsidwe mpira.

Masewero enieniwo ndi ochepa, asanu kwa matimu ambiri, ndipo osankhidwa pamwamba amapumitsidwa akasewera awiri kapena atatu. Woponya ma 3 (mipira ya patali ya mapoyinti atatu) okwana 25 nkulowetsa 7 ali pa 28 peresenti. Akanalowetsa atatu ena akanakhala pa 40. Mipira itatu yokha, wina nkumutcha katswiri wina wolephera. Victor Wembanyama wa San Antonio mu 2023 anayamba ndi mapoyinti 9, kulowetsa 2 mwa 13 ndi Charlotte, kenaka 27 ndi Portland, San Antonio nkumupumitsa. Mu ligi yotsatirayo anapambana Rookie of the Year, mphoto ya wosewera wabwino koposa mwa a chaka choyamba. Trae Young mu 2018 ku Salt Lake City analowetsa 4 mwa 20 tsiku loyamba. Alex Sarr mu 2024 anaponya 15 osalowetsa ngakhale umodzi. Cooper Flagg wa Dallas mu 2025 analowetsa 5 mwa 21 ndi Lakers, masewero otsatira nkugoletsa 31 ndi Spurs, ndipo Dallas inkamupatsa dala ntchito yoyendetsa mpira kuti ione momwe angapirire akamakakamizidwa. Mbali inayi, mu 2012 mphoto ya MVP wa Summer League, wosewera wabwino koposa, anagawana Damian Lillard ndi Josh Selby. Lillard anadzakhala katswiri wotchuka mu NBA. Selby anasewera masewero 38 okha mu NBA.

Nanga muziona chiyani? Sankhani wosewera mmodzi, mumulondole kota yathunthu osatsatira mpira, pepala ndi cholembera zili pambali. Akamalondera, onani mapazi: wina akamuthamangira ndi mpira, kodi amatsetsereka cham'mbali chifuwa chili kutsogolo, kapena amatembenuza chiuno nkuyamba kuthamangitsa? Akamuikira screen, kutanthauza kuti wa timu ina wamuimira panjira kuti amutchinge, amadutsa pamwamba, pansi, kapena amangomatirira pomwepo? Izi sizidalira mwayi, ndipo zimene mwaona mu July mudzazionanso mu November.

Akakhala ndi mpira, musawerenge zotayika zokha, onani mtundu wake. Pasi yolunjika malo oyenera imene mnzake wachilendo sanaiyembekezere si vuto, idzafika akazolowerana. Koma kulandidwa mpira akudunda chifukwa dzanja lamanzere ndi lofooka, limenelo ndi vuto la zaka. Onaninso ngati amatha kudutsa womulondera popanda screen. Amene akulephera kudutsa anyamata a Summer League sadzadutsa Jrue Holiday, katswiri wolondera mu NBA. Pa kaponyedwe, khulupirirani ma free throw (kuponya popanda wotchinga pambuyo pa faulo) ndi liwiro lotulutsira mpira m'manja kuposa peresenti ya ma 3: kodi chigongono chimakhala malo amodzimodzi akatopa mu kota yachinayi?

Muyezo wa a chaka chachiwiri ukhale wina. Amene wakhala chaka chathunthu mu NBA ayenera kuoneka ngati wa Fomu 4 pakati pa a Fomu 1, wodekha, wofika pamalo amene akufuna. Akachita zimenezo masewero awiri, timu imamupumitsa, ndipo ndi chizindikiro chabwino. Akamavutikabe pamenepa, nkhawa ikhalepo ndithu, kuposa ya wa chaka choyamba amene waphonya 15.

Kwa makochi a timu za achinyamata ndi otsatira osewera ochokera ku NBA Academy Africa ya ku Senegal, monga Ulrich Chomche wa ku Cameroon ndi Khaman Maluach wa ku South Sudan, apa ndi pomwe mungawaone mphindi zambiri asanakakhale pabenchi ligi ikayamba. Ndalama ya mwezi umodzi ndi yokwanira, musatenge ya chaka chifukwa cha Summer League yokha. Malipiro ndi a pa khadi la kubanki lololedwa kugula kunja, ndipo amadzibwereza okha mwezi ndi mwezi, choncho zimitsani zimenezo tsiku lomwe mwalipira. Onaninso ndandanda ya California Classic ndi ya Salt Lake City, yomwe imayamba masiku angapo Las Vegas isanayambe, kuti mweziwo uyambire pamenepo.