Madigadi a mountain bike m'dzinja: apulasitiki kapena achitsulo?

Apulasitiki ndi aafupi, amangomangidwa pansi pa chishalo ndi pafoloko. Achitsulo ndi aatali ngati a njinga za kabaza, amakuta tayala ndipo amafuna mabawuti.

Mtengo: apulasitiki ndi otchipa, achitsulo mulipiranso wokuikirani.

Kuika: apulasitiki mumanga nokha. Achitsulo amavuta, poti mafoloko ambiri a mashoko alibe mabowo a bawuti.

Kuteteza: apa achitsulo ndiye akatundu. Apulasitiki amatchinga msana ndi nkhope zokha, nsapato ndi tcheni zimangosamba matope.

Kulimba: pulasitiki amathyoka, chitsulo chimachita dzimbiri.

Ngati popita kuntchito mumayenda pamsewu wa tala, gulani achitsulo. Odutsa m'dothi lamakande atenge apulasitiki, chifukwa matope akadzazana pansi pa achitsulo tayala limakana kuzungulira.