Denga la silabu ku Kasungu: tiyale chiyani pakati pa mabolodi otchinga kutentha ndi phula?

Amene munamanga nyumba ya silabu kuno ku Kasungu mukudziwa mmene chipinda chimawotchera mu Okutobala. N'chifukwa chake ena akuyala mabolodi a polystyrene pamwamba pa silabu asanamate phula lotchinga madzi. Koma mabolodiwa ndi ofewa. Mnyamata wokonza sola akapondapo ndi jombo, kapena makwerero akatsamira malo amodzi, bolodi imalowa mkati, pamatsala kadzenje, ndipo mvula ya mu Januwale imadikha pomwepo mpaka itapeza polowera. Komanso phula lija amalimata ndi moto wa gasi, pomwe polystyrene ikangomva moto imasungunuka.

Choncho pakati pa mabolodi ndi phula pamafunika choteteza. Chotchipa kwambiri ndi kansalu kokhuthala kotchedwa geotextile. Kamathandiza ngati chotchinga madzi chanu si phula koma pulasitiki ya PVC, chifukwa PVC ndi polystyrene zikakhudzana zimawonongana. Koma phazi sikaliletsa, moto sikautchinga.

Pulayiwudi amapirira kupondedwa, inde, koma ine sindimukhulupirira. Madzi akangolowa pang'ono amafufuma n'kuyamba kuola inu osaona, ndiye chiswe chathu chino simuchita kuchiitana. Mabolodi a fibre cement (simenti yosakaniza ndi timaulusi) ndi abwinopo: saola, sapsa, ndi opepuka, ndipo mukayala lero mutha kumata phula tsiku lomwelo. Chovuta n'kuwanyamula, chifukwa amathyoka m'makona galimoto ikamagunda m'maenje.

Ine mtima wanga uli pa simenti ndi mchenga, chomwe amisiri amati screed. Mumayala pepala la pulasitiki pa mabolodi, n'kuthira kosachepera mamilimita 50, motsetsereka kulowera ku mapaipi otaya madzi. Zipangizo zili pompano, simenti ya Shayona imapangidwa m'boma lathu lomwe lino, ndipo mmisiri aliyense wodziwa fuloo aigwira ntchitoyo. Pamwamba pake mutha kuyendapo osadandaula. Koma kulemera kwake si masewera: mamilimita 50 amafika pafupifupi makilogalamu 100 pa sikweya mita iliyonse, choncho injiniya ayambe wanena ngati silabu yanu ingasenze, makamaka ngati thanki ya madzi ikhalenso komweko. Imafunanso masabata angapo kuti iume. Mukamata phula isanaumitsitse, dzuwa limatulutsa nthunzi pansi pake ndipo phulalo limachita matuza.

Ndiye ngati mitambo yayamba kale kusonkhana mu Novembala, gulani fibre cement. Screed ithireni mu Ogasiti.