Chithandizo cha radiotherapy ku Cancer Diseases Hospital: mmene ndinachionera ngati wosamalira wodwala wochokera ku Chipata

Munthu wa kuno ku Chipata akauzidwa kuti m'bale wake akufunika radiotherapy, chithandizo chopha maselo a khansa ndi cheza champhamvu, ulendo wake ndi wa ku Lusaka, makilomita oposa 550 pamsewu wa Great East, kukafika ku Cancer Diseases Hospital pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH. Chipatalachi chinatsegulidwa mwalamulo mu 2007 ndi Pulezidenti Levy Mwanawasa, mothandizidwa ndi bungwe la International Atomic Energy Agency, ndipo chisanamangidwe odwala ofunika chithandizo chotere ankatumizidwa kunja kwa dziko. Zaka zingapo zapitazo ndinaperekeza amayi anga aang'ono amene anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo kuona kwanga n'kwakuti chithandizochi n'choyenera ulendo wautaliwo. Makina ake ndi ochititsa chidwi, koma chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi gulu la anthu oyendetsa makinawo ndi mayi amene ankalitsogolera.

Wodwala sayamba kulandira cheza tsiku limene wafika, ndipo ambiri amakhumudwa ndi zimenezi chifukwa sadziwa ntchito imene ikuchitika kuseri. Poyamba amajambulidwa ndi makina a CT atagona mmene azidzagonera tsiku lililonse, n'kuikidwa timadontho tosafufutika pakhungu. Kenako dokotala wa khansa amalemba pa kompyuta malire a chotupa ndi ziwalo zoyenera kutetezedwa, monga chikhodzodzo ndi matumbo, ndipo katswiri wa physics amawerengera mphamvu ya cheza ndi mbali zimene chidzalowere. Zonsezi zikatsimikizidwa m'pamene wodwala amapita m'manja mwa ma radiation therapist, akatswiri oyendetsa makina a cheza, omwe ndiwo amamuona tsiku ndi tsiku.

Pa khansa ya khomo la chiberekero, cheza cha kunja, chochokera m'makina ali kunja kwa thupi, chimagawidwa m'magawo pafupifupi 25, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kuti maselo abwino azipeza mpata wochira. Ntchito ya ma therapist ndi kuchita chinthu chimodzimodzi mosaphonya ngakhale pang'ono kwa masabata asanu, ndipo apa m'pamene utsogoleri umaonekera. M'mawa uliwonse makina ankayesedwa wodwala woyamba asanalowe. Dzina la wodwala linkafunsidwa ngakhale kwa munthu amene akumudziwa kale nkhope. Tsiku lina amayi aang'ono anaiwala kumwa madzi amene anauzidwa, pamene chikhodzodzo chimayenera kukhala chodzaza kuti chikankhire matumbo kutali ndi cheza. Mtsogoleri uja sanalole kuti angowalowetsa pofuna kufupikitsa mzere. Anabwera yekha ndi botolo la madzi, nagwada pafupi ndi benchi n'kunena kuti, "Amayi, imwani onsewa, tilowetse kaye ena awiri, kenaka ndibwera kudzakutengani ndekha." Atatero anaitana wophunzira amene anali naye, namufotokozera motsitsa mawu chifukwa chake, popanda kumuchititsa manyazi pamaso pa odwala. Ndinaona kuti umu ndi mmene ankaphunzitsira nthawi zonse, ndipo achinyamata a m'gulu lake sankaopa kumufunsa.

Chimene sindidzaiwala ndi nkhani ya maliro. Chithandizo chili pakati, tinalandira uthenga woti mlamu wawo wa amayi aang'ono wamwalira kumudzi, ndipo iwo anayamba kumanga katundu, pakuti kwathu kusapezeka pamaliro a pabanja ndi nkhani imene anthu amaikumbukira zaka. Ine monga mwana sindikanatha kuwaletsa. Mtsogoleri uja atamva, anatitengera pambali n'kufotokoza m'Chinyanja chomveka kuti chithandizo chonse, kuphatikizapo brachytherapy imene gwero la cheza limaikidwa mkati pafupi ndi chotupa, chimayenera kutha mkati mwa masabata pafupifupi 8, chifukwa masiku akadumphidwa maselo a khansa otsalawo amayambanso kuchulukana. Sananyoze mwambo wathu ngakhale pang'ono. Anangofunsa kuti, "Kodi kumudzi kuli wamkulu amene angakuimireni, ife n'kumufotokozera kuti simunakane maliro?" Amalume anaimbiridwa foni, anamvetsa, ndipo amayi aang'ono anakalira malirowo atamaliza chithandizo. Munthu wodziwa makina okha sakanatha kukonza nkhaniyi.

Sindikufuna kunamiza aliyense kuti ulendowu ndi wopepuka. Cheza sichipweteka pochilandira, ndipo wodwala wa cheza cha kunja sakhala woopsa kwa ana kapena kwa amene akudya naye mbale imodzi, koma pakapita masabata awiri kapena atatu kutopa, kutsegula m'mimba ndi kuwawa pokodza zimayamba, ndipo amene akulandiranso mankhwala a khansa otchedwa chemotherapy amavutika ndi nseru. Anamwino ankafunsa za zimenezi kawirikawiri ndi kupereka malangizo a zakudya. Chimene chinatiliza kwambiri ndi kukhala mu Lusaka. Mwini kachipinda kamene tinachita lendi anakweza mtengo atazindikira kuti sitingachoke msanga, ndipo ndalama za chimanga chimene tinagulitsa zinathera pa nyumba, makala ndi minibasi.

Ndili pabenchi paja ndinkaganiza za ana athu amene amamaliza Grade 12 atakhoza bwino masamu ndi sayansi koma amangodziwa za unamwino ndi uphunzitsi. Maphunziro a radiography, ntchito yojambula m'thupi ndi cheza, amapezeka ku Evelyn Hone College ndi ku University of Zambia, ndipo chipatala cha khansachi chimaphunzitsanso ma radiation therapist. Womaliza amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo pantchito amavala kachipangizo koyeza cheza chimene thupi lake lalandira, motsatira malamulo a Radiation Protection Authority, kotero makolo asaope kuti mwana wawo akadwala. Koma ntchitoyi imafuna munthu wodekha, wosatopa ndi kubwereza, ndiponso wolimba mtima mokwanira kuimitsa makina akaona kuti china sichili bwino, ngakhale panja anthu atadzaza. Odwala ochokera ku Chadiza, Katete ndi Lundazi amamasuka kwambiri akapeza wowalankhula chinenero chawo pa nkhani zochititsa manyazi ngati zimenezi.

Amene mukukonzekera ulendowu, nyamulani kalata yokutumizani yochokera kuchipatala chanu, zotsatira za biopsy (kuyeza kachidutswa ka chotupa), zithunzi zonse zimene munajambulidwa, NRC ndi khadi la NHIMA ngati muli nalo. Kambiranani za malo ogona ndi mtengo wake wa miyezi iwiri musanakwere basi, ndipo banja lisankhiretu munthu amene adzaimire wodwalayo pa zovuta za kumudzi nthawi yonse imene ali ku Lusaka.