Kochi, uphungu wa CBT kapena mankhwala: zosankha za munthu wamkulu wa ADHD

Munthu wamkulu amene wapezeka ndi vuto la ADHD (kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndiponso kusakhazikika), lomwe pakati pa 1980 ndi 1987 madokotala a ku America ankalitchula kuti ADD, nthawi zambiri amauzidwa za mankhwala, uphungu wa CBT (wothandiza kusintha kaganizidwe ndi zochita) ndi kochi (munthu womuthandiza kukonza ndi kukwaniritsa zochita za tsiku ndi tsiku) ngati kuti zitatuzi zimagwira ntchito imodzi, pamene chilichonse chili ndi malire ake.

Mankhwala ndiwo ali ndi umboni wochuluka. Malangizo amene bungwe la zaumoyo la NICE ku Britain linatulutsa mu 2018 amati dokotala ayambe ndi lisdexamfetamine kapena methylphenidate; achiwiriwa ambiri amawadziwa ndi mayina a Ritalin ndi Concerta. Ritalin wamba amatha mphamvu pakapita maola 3 kapena 4, Concerta amafika pafupifupi maola 12, pomwe mankhwala ena otchedwa atomoxetine amafuna masabata angapo kuti ayambe kuthandiza. Ena amasowa nawo tulo, ena chakudya sichiwakomera, ndipo dokotala amayenera kuyeza kuthamanga kwa magazi pafupipafupi. Mankhwalawa amakhazika maganizo pamalo amodzi, koma sauza munthu kuti ayambe ndi ntchito iti.

CBT imaperekedwa ndi katswiri wa zamaganizo amene anaphunzira ntchitoyo. Kafukufuku wa Steven Safren ndi anzake, amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2010, anasonyeza kuti akuluakulu amene ankamwa kale mankhwala anapeza bwino kwambiri atakumana ndi mlangizi wa CBT maulendo 12 kusiyana ndi amene anangophunzitsidwa njira zokhazikitsira mtima pansi. Njirayi ndi yoyenera makamaka kwa munthu amene wakula akutchedwa waulesi mpaka kufika pokhulupirira, kapena amene ali ndi nkhawa ndi matenda a maganizo pamwamba pa ADHD.

Kochi sayeza matenda, salemba mankhwala, ndiponso safufuza za ubwana wanu. Iye amayang'ana sabata ikubwerayi: lipoti la kuntchito limene lakhala mwezi osaliyamba, lendi imene mumaiwala ngakhale ndalama zilipo, makalata amene simunatsegule. Mumakumana kawirikawiri kamodzi pa sabata, pa foni kapena pa Zoom, n'kugawa ntchito yaikulu m'tizigawo ting'onoting'ono, kenako iye amatumiza uthenga kufunsa ngati mwachitadi. Phindu lake lagona pamenepa, chifukwa anthu ambiri a ADHD amadziwa bwino lomwe zoyenera kuchita; chimene chimawavuta n'kuyamba pa nthawi yake popanda wina wowayembekezera.

Komabe, ntchito ya ukochi ilibe lamulo loiyang'anira, moti aliyense akhoza kudzitcha kochi lero lomwe. Satifiketi za International Coaching Federation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1995, munthu amazitenga mwa kufuna kwake. Kafukufuku wa ukochi ndi wochepanso, ndipo wambiri anachitika pa ophunzira a m'makoleji. Ndalama nthawi zambiri zimachoka m'thumba mwanu, ngakhale kuti amene akugwira ntchito ku Britain angapemphe thandizo kudzera mu pulogalamu ya boma ya Access to Work.

M'maganizo mwanga, kuyamba ndi kochi musanaonane ndi dokotala n'kulakwitsa, popeza kusowa tulo, nkhawa ndi matenda a chithokomiro zimabweretsanso kuiwalaiwala. Dokotala akatsimikizira kuti ndi ADHD, m'funseni kochiyo kumene anaphunzira za vutoli, zimene amachita munthu akalephera kukwaniritsa zomwe munagwirizana, ndiponso ngati mungasiye pakatha mwezi popanda kulipira chindapusa.