Kasitolo Kokopera Mafilimu pa Msika wa Nsungwi

Pa msika wa Nsungwi ku Area 25 pali kasitolo komwe amakopera anthu mafilimu mu fulashi, ndipo mwezi wathawu ndinapitako kukafuna mafilimu oseketsa omwe galimoto zimathamangitsana. Mnyamata wogulitsa anayamba wandifunsa kuti, "Kodi bambo, mukaonera ndi ana?" Nditavomera, anandisankhira mafilimu anayi opanda zolaula ndi kukhetsa mwazi, ndipo khalidwe limeneli ndi lomwe landichititsa kulemba ndemangayi.

Atatu mwa mafilimuwo anali abwino zedi. Kukoma kwa mafilimu otere kwagona pakuti ngozi imaoneka yaikulu koma siipweteka munthu: galimoto imalumpha mlatho, apolisi othamangitsa amagundana okhaokha, kenaka woyendetsa amatuluka akusasa fumbi ali bwinobwino. Opanga mafilimuwa amalimbitsa galimoto ndi zitsulo mkati, amatseka misewu, ndipo amene amayendetsa ndi akatswiri ophunzitsidwa ntchitoyo, nchifukwa chake woonera amaseka mtima uli m'malo. Kwa munthu amene watopa ndi mdipiti wa galimoto pa msewu wa M1 madzulo, kuona galimoto ikuthamanga momasuka chotero kumapepuza mtima, ndipo ana anga anaseka mpaka kugwira nthiti.

Filimu yachinayi inandikhumudwitsa, chifukwa womasulira m'Chichewa ankalankhula mosalekeza mpaka mawu ake anaphimba kulira kwa injini ndi matayala, pomwe phokosolo ndilo limakometsa mpikisano. Nditabwerera kukadandaula, mnyamatayo anandikoperanso ina yosamasuliridwa osandilipiritsa kanthu.