Situdiyo yokonza zithunzi zakale ku Zomba: aluso, koma musawasiyire okha

Pafupi ndi msika wa Zomba pali kasitudiyo kokonza zithunzi zakale. Ndinapititsako chithunzi cha malemu agogo anga aamuna, chojambulidwa ku Ceylon (lero Sri Lanka) mu 1943, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ali kamnyamata kosamera ndevu. Analembedwa usilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali a ku Africa la atsamunda a ku Britain), koma ntchito yawo inali ya chipatala: kunyamula ovulala pamachila, kutsuka ndi kumanga mabala, kugawa mankhwala.

Chithunzicho chiswe chinali chitadya pakona, ndipo mzere wopindira unadutsa pamphumi penipeni. Mnyamata wa pakompyuta anachiika pa sikana ine ndikuona, n'kundibwezera nthawi yomweyo. Mzere uja anauchotsa mwaluso, moti mabatani a yunifolomu ukhoza kuwawerenga. Pepala lawo ndi lokhuthala, mtengo ndi wosaboola m'thumba.

Koma nditabwera kudzatenga, kansalu koyera ka pamkono wa agogo kanali mbee, mtanda wosonyeza kuti ndi a chipatala palibe. Pulogalamu yawo inauyesa banga n'kuufufuta. Mnyamatayo anati, "Pepani bambo, ndimayesa ndi litsiro." Sindinamukalipire, angadziwe bwanji? Komatu mtandawo ndi umene tinkafunira chithunzicho. Gulu la agogo, la 11th East African Division, litalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma (lero Myanmar) mu 1944, mvula ili pakati, malungo ndi matenda ena zinkagwetsa asilikali ambiri kuposa zipolopolo. Agogo ankasimba kuti machila ankalemera pamatope ofika m'mawondo, koma chowatopetsa kwambiri chinali mzere wa mepacrine, mapiritsi achikasu owawa oteteza ku malungo. Ankaima kutsogolo kwa amuna akuluakulu, ena amsinkhu wa bambo awo, kuwauza ayasamule kuti aone ngati amezadi, chifukwa ochenjera ankabisa pansi pa lilime n'kukalavula kuseri kwa tenti. Anagwira ntchito imeneyi mpaka gulu linakafika ku Kalewa, pamtsinje wa Chindwin, kumapeto kwa chakacho.

Mwini situdiyo anabwezeretsa mtandawo pamanja, osandilipiritsanso, ndipo pamenepo ndamuyamikira. Anandikopanso kuti achipake mitundu. Ndinakana, chifukwa mitunduyo kompyuta imangolota.

Mukapita, aonetseni kaye mabaji, zilembo ndi zipsera zimene sayenera kukhudza, ndipo muone pa sikirini asanasindikize. Tenganinso fulashi yanu. Akakutumizirani pa WhatsApp ngati chithunzi wamba chimachepa mphamvu, simungachikulitse n'kupachika pakhoma.