Njanji ya sitima zazing'ono: pa thebulo la pulayiwudi kapena pa chimango?

Musanagule kasitima koseweretsa koyendera magetsi, ganizani kaye za pomwe njanji idzagone.

Thebulo la pulayiwudi ndi losavuta. Bolodi imodzi ya masentimita 244 m'litali ndi 122 m'lifupi imakwanira njanji yozungulira ya sikelo ya HO, ya 1:87 (kutanthauza kuti sitima yeniyeni ndi yaitali ka 87 kuposa kasitimako), ndipo kalipentala aliyense mu Lilongwe muno angakuikireni miyendo tsiku limodzi. Vuto lake n'lakuti dziko lomwe mukupangira kasitimako limangoti see, lopanda chigwa. Mukafuna mtsinje pansi pa mlatho, muyenera kuboola bolodiyo. Thebulo likagunda khoma, mbali ya kutsidya dzanja silifikako, poti munthu amafikira bwino masentimita 75 okha.

Chimango ndi timatabwa ta paini tolumikizidwa ngati makwerero ogoneka, pakati pali mipata. Pulayiwudi mumangodula kamzere kotsata njanji, n'kukakweza ndi timizati. Apa ndiye pamene phiri limakwera, chigwa n'kutsika, monga momwe njanji imatsetserekera kuchoka ku Kanengo kupita ku Salima. Mawaya nawo amafikirika mosavuta kunsi. Koma chimango chimafuna luso ndi kuleza mtima, ndiponso masikuluwu m'malo mwa misomali, kuti mukafuna kusintha muzingomasula.

Ine ndimakonda chimango, makamaka chopangidwa m'zigawo za mita imodzi ndi theka. Ambirife timakhala m'nyumba za lendi, ndipo posamuka chigawo chimatuluka pakhomo bwinobwino.

Chilichonse mungasankhe, paini wa ku Chikangawa akhale wouma ndithu. Thabwa laliwisi limapindika, njanji n'kusiyana polumikizira. Pakani vanishi mbali zonse mvula isanayambe mu Novembala, ndipo miyendo muiteteze ku chiswe.